Zotsatira za funso langa lokhudza kachipangizo ka DAC

Ndikuthokoza kwambiri nonse amene munandiyankha sabata yatha. Monga mukukumbukira, TV yanga yatsopano ilibe polowetsa nthambo zofiira ndi zoyera, imatulutsa mawu kudzera pa optical pokha (polowetsa nthambo yonyamula mawu pogwiritsa ntchito kuwala), ndipo nditailumikiza ku ampulifaya yanga yakale kuno ku Ulongwe kudzera m'kachipangizo ka DAC (komasulira mawu a digito ochoka mu TV kuti ampulifaya iwamve) kamene ndinagula mumzinda wa Tete, masipika ankangotulutsa phokoso loboola m'makutu.

Ndinatsatira malangizo a bambo aja amene anati ndisafulumire kubweza kachipangizoka, chifukwa vuto lingakhale mu TV momwemo. Ndinalowa mu menyu ya TV pamene palembedwa kuti Som (kutanthauza mawu), popeza yanga imalemba Chipwitikizi, n'kusintha mawu otuluka kuchoka pa Dolby Digital kupita pa PCM (iyi ndi mitundu iwiri ya mawu a digito), ndipo nthawi yomweyo nyimbo zinayamba kumveka bwinobwino. Ndamvetsa tsopano kuti tizipangizo totsika mtengo totere timangomasulira PCM ya mbali ziwiri, kumanja ndi kumanzere, koma mawu a Dolby sititha kuwamasulira.

Panatsala kaphokoso kena kapansipansi konga ka njuchi, kamene kankandisowetsa mtendere makamaka usiku. Kanatha nditasiya kutenga magetsi a kachipangizoka pa USB ya TV n'kugwiritsa ntchito chaja ya foni ya mavoti 5.

Amene mukufuna kuchita zomwezi, lowetsani nthambo zochoka pa DAC mu ampulifaya pamene palembedwa kuti AUX kapena CD, osati pa PHONO, chifukwa pamenepo mawu amasokonekera. Rimoti ya TV yanga siikwezanso mawu, choncho ndimakwezera pa ampulifaya.