Mayi a kunyumba ndi namwino, amayi anga amadwala shuga: tikhale bwanji m'nyumba imodzi?

Bambo a Tadala, Ndirande

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa mtendere pabanja pathu, ndipo ndikupempha makamaka inu amene mumagwira ntchito m'zipatala, kapena amene mumakhala ndi anthu otere pakhomo, kuti mutiunikire. Mayi a kunyumba ndi namwino, ndipo chiyambire mwezi uno wa Januwale 2021 akugwira ntchito ku wodi ya odwala Covid-19. Timakhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, pamodzi ndi ana athu awiri komanso amayi anga ondibereka, amene adabwera kuchokera kumudzi ku Ntcheu chaka chatha kudzalandira thandizo la matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amayiwo amagona pabalaza ndi adzukulu awo. Bafa ndi chimbudzi timagwiritsa ntchito limodzi ndi mabanja ena a pa ploti, ndipo madzi timagula pakiyosiki.

Chimwalirire nduna ziwiri zija tsiku limodzi pa 12 Januwale 2021, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, abale anga sakundipatsa mpata wopuma. Alongo anga akuimba foni m'mawa ndi madzulo kunena kuti ngati nduna zikufa, nanga munthu wachikulire wodwala shuga amene akugona nyumba imodzi ndi namwino apulumuka bwanji, ndipo akufuna kuti ndiwakweze basi amayiwo abwerere kumudzi. Ena akuti mayi a kunyumbawo ndiwo ayambe achoka mpaka mliri utachepa, koma kumene apiteko sakukutchula, ndipo ndalama ya lendi yachiwiri tilibe. Anzathu a pa ploti nawonso asintha, moti ana awo awaletsa kusewera ndi athu. Ineyo ndimagulitsa kaunjika mumsika, kotero sindingathe kukhala pakhomo osatuluka. Kodi amayiwa apite kumudzi kapena akhale? Ngati akhala, tichite chiyani m'nyumba yaing'ono chonchi kuti tiwateteze?

Nangozo, namwino

Bambo a Tadala, nkhani yanuyi ndi ya ambiri a ife amene tili m'mawodi amenewa, ndipo ndikufuna kuti abale anu amve kaye chinthu chimodzi chimene anthu sachiganizira. Mayi a kwanuwo akamalowa mu wodi amadziwa kuti aliyense amene wagona pabedi ali ndi kachilombo, choncho amavala masiki, magolovesi, gauni ndi chotchinga kumaso pamene zilipo, ndipo adaphunzitsidwa kavulidwe kake, pakuti ngozi yaikulu imakhala pa nthawi yovula. Inuyo mumsika mumakhala tsiku lonse pakati pa anthu amene simukudziwa kuti akudwala ndani, mukunenerera mtengo maso ndi maso ndi munthu amene masiki wayitsitsira pachibwano, kenaka madzulo mukukwera minibasi. Munthu amatha kupatsira anzake kachilomboka masiku awiri asanayambe kumva chilichonse m'thupi, ndipo ena sadwala n'komwe. Sindikunena kuti namwino alibe chiopsezo ayi, pakuti tadwala ambiri ndipo anzathu ena tawaika m'manda. Ndikunena kuti makomo olowera matendawa pabanja panu ndi awiri, ndipo mukamayang'anitsitsa khomo limodzi lokha, linalo likhala lotsekula.

Chimene ndikadachita ndikadakhala inu ndi kuwapatsa amayiwo chipinda chogona kuti akhalemo okha, inu nonse ndi ana musamukire pabalaza. Ndikudziwa kuti pa mwambo wathu kholo silowa kuchipinda kwa mwana wake wapabanja, ndipo mwina amayiwo akana, koma mukapempha amalume kapena wamkulu wina wa kubanja kuti awalankhule, adzamvetsa kuti nthawi ino si ya masiku onse. Ana asagonenso ndi agogo awo, chifukwa ana amasewera paliponse ndipo kawirikawiri matendawa sawaonekera. Mawindo azikhala otsekula masana onse ngakhale kuli mvula, ndipo kucheza ndi amayiwo kuzichitikira pakhonde, motalikirana, inuyo mutavala masiki. Akhale ndi mbale ndi kapu yawoyawo. Chizolowezi chosamba m'manja m'beseni limodzi tisanadye nsima chithe kaye, muzithirirana madzi ndipo pakhale sopo.

Pa za mayi a kunyumba, ntchito yaikulu ili kwa inu bambo. Munthu akaweruka pa ntchito ya usiku miyendo imakhala itatupa, ndipo akafika pakhomo n'kupeza mulibe madzi, mphamvu zopita kukaima pamzere kukiyosiki sakhala nazo. Onetsetsani kuti akamafika apeze ndowa ziwiri zikudikira, ina ya madzi a sopo yonyikamo yunifolomu, ina yosamba. Nsapato za kuntchito zizitsala panja, ndipo ana aphunzitsidwe kuti amayi awo awathamangira akatuluka m'bafa. Lamulo lomweli likhudzenso inuyo mukamachokera kumsika.

Mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi asadukize ngakhale tsiku limodzi, chifukwa odwala amene tikuwaona akuvutika kwambiri ndi achikulire amene matenda awiriwa sakulamulirika m'thupi mwawo. Funsani kuchipatala ngati angakupatseni a miyezi ingapo kuti amayiwo asamapiteko pafupipafupi. Akayamba kupuma mobanika, kumva kuwawa pachifuwa, kusokonezeka maganizo kapena kufooka mpaka kulephera kudzuka, musadikire kuti kuche. Matendawa ali ndi khalidwe loipa lakuti mpweya umatha kutsika m'magazi munthu akulankhula bwinobwino, choncho ngati mungakwanitse kugula kachipangizo kopana pachala koyezera mpweya, gulani, ndipo nambala ikafika pa 92 kapena kutsikirapo nyamukani. Za kufukiza nthunzi ya masamba a bulugamu ndi kumwa mandimu ndi jinja, zimapepuza mphuno ndi kukhosi koma sizipha kachilombo, ndipo ena akubwera atapsa ndi madzi otentha. Mbaula yamakala isalowe m'chipinda chotseka.

Mlangizi wa zaumoyo, chigawo chapakati

Ndikugwirizana ndi mayi Nangozo, ndipo ine ndilankhulapo za kumudzi kumene ndimagwira ntchito, chifukwa anthu a m'tauni amaganiza kuti kuno ndiko kobisala. Pa 17 Januwale 2021 boma lidalamula kuti pamsonkhano uliwonse pasapitirire anthu 50, koma amene adalowapo m'siwa akudziwa kuti pamaliro sipawerengedwa anthu. Amayi amagona m'nyumba ya maliro usiku wonse mothithikana, akuimba nyimbo zitseko zili zotseka, ndipo munthu wachikulire ngati amayi anuwo sangakane kupita kumaliro a mnzake amene adakula naye. Komanso tsiku limene adzafike, mudzi wonse udzabwera kudzawalonjera ndi kuwagwira chanza, pakuti akhala nthawi yaitali kutauni. Inu muli ku Blantyre simudzatha kuletsa zimenezi.

Chachiwiri ndi mtunda. Zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zambiri zilibe mpweya wothandizira kupuma, ndipo wodwala wobanika amayenera kutumizidwa kuchipatala cha boma, pamene ambulansi imodzi ikuthamangira madera ambiri ndipo dzinja lino misewu yafumbi yaterera. Ngakhale m'mizinda momwe mpweyawu ukuperewera, ndipo mu Januwale 2021 boma lidasandutsa Bingu National Stadium ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba kukhala malo osamalira odwala, ndipo anthu wamba motsogozedwa ndi a Stanley Onjezani Kenani adayamba kusonkha ndalama zogulira zipangizo za mpweya. Komabe amene ali ku Ndirande ali pafupi ndi thandizo kuposa amene ali kumudzi kotalikira msewu wa tala, ndiponso amayi anu ali ndi namwino m'nyumba amene angazindikire msanga kuti zinthu zasintha.

Ndionjezere za mphekesera zimene tikulimbana nazo kuno, chifukwa zikupha anthu. Pafala bodza lakuti azaumoyo timalandira ndalama pa mtembo uliwonse umene tanena kuti ndi wa Covid-19, ndiponso lakuti wolowa m'chipatala satuluka wamoyo. Zotsatira zake n'zakuti mabanja akubisa odwala m'nyumba n'kubwera nawo zinthu zitafika posauzana, ndipo akamwalira bodza lija limaoneka ngati loona. Pamaliro pamakhalanso mkangano abale akauzidwa kuti sasambitsa thupi monga mwa mwambo, ngakhale ndaona kuti pamene tayamba takhala pansi ndi mfumu, akuluakulu a mpingo ndi adzukulu okumba manda, mwambo umayenda mwamtendere. Amayi anu akakafika kumudzi wina n'kudwala sabata yomweyo, adzanena kuti matendawo abwera ndi iwo. Ngati muli ndi mafunso pa zizindikiro, imbani ku Chipatala cha pa Foni, mwaulere.

Mbewe, Johannesburg

Akuluakulu, ine ndisiyana nanu pang'ono. Kuno m'bindikiro udayamba pa 27 Malichi 2020, ndipo ndidaona ndi maso momwe matendawa amayendera m'nyumba zimene anthu amagona mothithikana ndi kugwiritsa ntchito bafa limodzi, monga momwe ambiri a ife timakhalira kuno. Malangizo a mayi Nangozo ndi abwino, koma kuwatsata tsiku ndi tsiku kwa miyezi, m'nyumba ya anthu asanu, ana ali pakhomo chifukwa sukulu zatsekedwanso, si chinthu chapafupi. Achimwenewa sangasiye kupita kumsika, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija mavenda adakanira m'bindikiro wa masiku 21 ku Malawi mu Epulo 2020, umene khoti lalikulu lidauimitsa: munthu wodya zimene wapeza tsiku lomwelo sangatsekeredwe m'nyumba. Kumudzi anthu amakhala panja tsiku lonse ndipo nyumba ndi zotalikirana. Ngati amayiwo ali ndi nyumba yawoyawo, ngati pali mwana wodalirika amene angawaletse za kumaliro, ndipo ngati abale onse amene akuimba mafoniwo angasonkhe ndalama ya galimoto ya hayala m'malo mwa basi, ine ndikuona kuti kumudzi kungakhale kwabwino. Zimenezi zikasowa, akhale.

Koma pali chinthu chimene sindidachione m'kalata yanu, achimwene. Alongo anu anena zawo, anzanu a pa ploti aonetsa zawo, nanga amayiwo eni ake mwawafunsa? Ndi munthu wamkulu amene adalera ana, ndipo mukawafotokozera bwino za mbali zonse ziwiri, maganizo awo ayenera kulemera kuposa a wina aliyense.

Mayi Nachisale, Zomba

Mwana wanga wamkazi ndi namwino, kotero za anzanu a pa ploti ndikuzidziwa. Mu Epulo 2020, nthawi imene ogwira ntchito pachipatala cha Gulupu adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi ndalama ya ukadziotche, anamwino ena ankakanizidwa kukwera minibasi akavala yunifolomu, ndipo mwana wangayo kufikira lero amaiika m'chikwama n'kukavalira kuntchito. Anthu omwewo amene amawasala masana ndi amene amagogoda pakhomo usiku mwana akatentha thupi. Si nkhanza zokha ayi, ambiri ndi mantha, ndipo mantha amachepa munthu akaona ndi maso kuti mukusamala. Musadikire kuti nkhani ifike kwa eni nyumba mwamseri. Pitani nokha, ngati n'kotheka pamodzi ndi mfumu ya m'dera lanu, mukafotokoze zimene mumachita mayiwo akaweruka, ndipo ikani chigubu cha madzi ndi sopo pafupi ndi chimbudzi kuti aliyense wa pa ploti azigwiritsa ntchito.

Ndikupempheninso, bambo, kuti mawu a abale anu asafike m'makutu mwa akazi anu. Munthu amene usiku wonse wakhala akuthamanga ndi masilinda a mpweya, n'kuona odwala akutsirizika m'manja mwake abale awo ali kunja kwa mpanda, akamva kuti apongozi ndi alamu ake akumutenga ngati ndiye wobweretsa imfa, mtima umasweka. Mwana wanga pena amafika osafuna kudya kapena kulankhula, ndipo ndaphunzira kumusiya agone, ana ndikawatengera kutali, kenaka amayamba yekha kufotokoza.

Nangozo, namwino

Bambo Mbewe anena zoona pa za kuwafunsa amayiwo. Ndingochenjeza kuti ngati angasankhe kupita, akakhale paokha masiku 14 akakafika, chifukwa matendawa amatha kubisala m'thupi nthawi yotalika choncho, ndipo akhoza kunyamuka nawo ku Ndirande osadziwa.

Chimene ndidasiya poyamba paja ndi chakuti mukonzeretu lero zimene mudzachite inuyo kapena mayi a kunyumba mukadzayamba kutsokomola, kutentha thupi kapena kusamva fungo. Wodwalayo akayezetse tsiku lomwelo, ndipo asayandikirenso amayiwo kwa masiku osachepera 10 kuchokera pamene zizindikiro zayambira, ngakhale atamva bwino msanga. M'nyumba ya chipinda chimodzi zimenezi sizingatheke popanda thandizo, choncho gwirizanani ndi mbale kapena mnzanu wa kumpingo amene ali ndi chipinda chapadera kuti adzasunge mmodzi wa inu, ndipo ndalama ya galimoto yothamangira kuchipatala usiku ikhale padera, isasakanikirane ndi mpamba wa kaunjika.