Zithunzi za akambuku a ku Sumatra zikukana kugwirizana, thandizeni

Nachisale: Akuluakulu, odi pagulu pano. Ndili ku Sungai Penuh, pachilumba cha Sumatra ku Indonesia, mwezi wachitatu tsopano, ndikuphunzira ntchito ndi timu yowerenga akambuku amizeremizere (tiger) m'nkhalango ya Kerinci Seblat. Tinatchera makamera awiriawiri moyang'anizana m'malo 30, ambiri pamwamba pa zitunda pomwe kambuku amakonda kudutsa, ndipo tawasiya masiku 60. Makadi osunga zithunzi tatenga sabata yatha. Ndapatsidwa ine ntchito yosankha zithunzi. Za mbali yakumanzere ndikuona akambuku 7 osiyana, za kumanja 5, koma zomwe ndatha kuphatikiza kuti uyu ndi yemweyu ndi ziwiri zokha. Lipoti likufunika Lachisanu. Ndilembe 7, 10 kapena 12?

Phiri wa ku Kasungu: Achemwali, 12 yokhayo ayi. Mizere ya kambuku mbali ziwiri sifanana, chimodzimodzi mawanga a nyalugwe kwathu kuno. Mukaphatikiza kumanzere ndi kumanja mwawerenga nyama imodzi kawiri. Zikakanika zonse, lembani kuti osachepera 7, kuchokera mbali yomwe yachuluka. Nyama yoti padziko lonse m'tchire yatsala yosakwana 600, kuwonjezera zisanu zabodza pa pepala si nkhani yochepa.

Madala Mbewe: Zoona aPhiri. Ine funso langa ndi lina. Makamera anali awiri pamalo alionse, nanga bwanji mbali zonse sizinajambulike? Angati munawapeza atafa?

Nachisale: Afa 8, madala. Chinyezi cha kuno ndi china, mvula imagwa ngati yatumidwa. Ena galasi linachita nkhungu mkati, imodzi nyerere zinamangamo. Koma malo ambiri omwe kambuku anadutsa makamera onse awiri anali moyo. Chodabwitsa, imodzi imajambula kambuku, inzakeyo nthawi yomweyo palibe kanthu. Kenako inzakeyo ili ndi kambuku wake payokha nthawi ina.

Gama: Munawayang'anitsa ndendende? Mukatero kuwala kwa imodzi kumaphimba inzake, chithunzi chimangotuluka choyera. Ife timawalekanitsa pang'ono, mita imodzi kapena iwiri motsatira njira, kutalika kofika m'bondo.

Nachisale: Tinalekanitsa achimwene, zithunzi zili bwinobwino. Mizere ikuoneka mpaka kumchira.

Gama: Ndiye ikani zonse mu HotSpotter, pulogalamu yofananitsa mizere ya nyama, ikusankhireni.

Madala Mbewe: Iyayi aGama. Pulogalamu imafananitsa kumanzere ndi kumanzere, siingakuuzeni kuti kumanja uku ndi kwa nyama yomweyi. Chomwe chimamanga mbali ziwiri ndi nthawi basi: malo amodzi, mphindi imodzi. Ndiponso akambuku 7 ndi owerengeka ndi maso, sitikunena za mbidzi 500. Mayi Nachisale, tengani malo amodzi, mulembe nthawi ya chithunzi cha kumanzere ndi ya kumanja. Muchite chimodzimodzi malo ena atatu, mutiuze kusiyana kwake.

Phiri wa ku Kasungu: Tikudikira, ndifunseko: misampha ikupezeka m'dera lanulo? Ndimamva kuti kumeneko ya agwape imachuluka nyengo ya Ramadan, anthu akufuna nyama ya pa Idul Fitri (Eid).

Nachisale: Ikupezeka aPhiri, ndipo anzanga kuno akuti n'zoona, ulonda amaulimbitsa nyengo imeneyo. Yambiri ndi ya nguluwe ndi agwape m'mphepete mwa minda ya sinamoni ndi khofi, koma waya sasankha. Ya kambuku weniweni imadziwika, chingwe chake chachitsulo n'chokhuthala ndipo amamangirira ku mtengo wopindidwa wamphamvu. Pa zithunzi zanga pali wamkazi mmodzi wopanda zala za mwendo wakutsogolo. Ameneyo ndi mmodzi mwa awiri ndawaphatikiza aja, chifukwa chilemacho chikuoneka mbali zonse.

Madala Mbewe: Ameneyo ndiye mfungulo wanu. Nthawi zake zikuti bwanji?

Nachisale: Dikirani... Makamera awiri a pamalo alionse timawatcha A ndi B. Kamera A 02:14 usiku, kamera B 21:14 dzulo lake. Malo achiwiri 05:40 ndi 00:40. Achitatu 23:02 ndi 18:02.

Gama: Maola 5 ndendende kulikonse! Batire ikafa wotchi imabwerera ku tsiku la kufakitale, sisiyana mwadongosolo chonchi. Amene anatchera nthawi pa makamera a B ndani?

Nachisale: Mayo ine. Ndine ndemwe. Wotchi yapamkono ndinaisiya pa nthawi ya kumudzi kuti ndizidziwa ana akaweruka kusukulu. M'nkhalango foni inali yothimitsa kusunga moto, ndiye a B onse ndinatchera poyang'ana pamkono. Mnzanga wa a A ankayang'ana GPS.

Phiri wa ku Kasungu: Kkkkk ndiye akambuku a kumanja amayendera nthawi ya Lilongwe. Pepani achemwali, tonse tinapsapo. Ine ndinatcherapo kamera mwezi wathunthu ilibe khadi.

Madala Mbewe: Musakhudze zithunzi zoyambirira. Koperani foda yonse, pa kopeyo muwonjezere maola 5 ndi pulogalamu ya ExifTool, kapena camtrapR ngati timu yanu imagwiritsa pulogalamu ya R. Koma musangokankha onse a B mwachimbulimbuli. Pa khadi iliyonse onani chithunzi choyamba, chija mumadzijambula potchera, mutsimikize ndi nthawi yomwe inalembedwa pa fomu. Mwina ena anatchera mnzanuyo. Samalaninso masiku, chifukwa chithunzi cha 21:14 chikusamukira tsiku lotsatira, ndipo powerengetsa kuti nyama imodzi yajambulidwanso kangati, tsiku limasintha zotsatira. Mu lipoti mulembemo kuti nthawi inakonzedwa ndiponso chifukwa chake, abwana anu amve kwa inu.

Gama: Ulendo wina nyamulani kabolodi, mulembepo malo, tsiku ndi nthawi ya pa GPS, muonetse makamera onse awiri potchera ndi pochotsa. Za chinyezizo, timapaketi ta silica gel mkati, mabatire a lithium, mphira wa pachitseko mupukute musanatseke, ndipo musatsegule kamera mvula ikugwa.

Nachisale: Ndakonza. Makamera 27 anali pa nthawi ya kumudzi, 3 anatchera mnzanga, zikomo madala pondichenjeza. Onse 5 a kumanja apeza anzawo a kumanzere. Atsala 2 a kumanzere kokha, onse pamalo pomwe B inafa ndi chinyezi. Ndikulemba 7: asanu a mbali zonse, awiri a mbali imodzi.

Phiri wa ku Kasungu: Wotchiyo mwasintha?

Nachisale: Ayi, ndagula ina ya pulasitiki pamsika. Yakumudzi ili kumanzere, ya kuno kumanja.