Sayileji wa gulu ndi mitengo yosendedwa ija

Mlembi: Abale nonse, moni. Achimwene athu aChirwa a ku Johannesburg atumiza makina odulira udzu ndipo afika dzulo. Akuti ndi mphatso ya gulu pa ntchito ya sayileji, udzu uja timaukwirira m'nkhuti kuti usase n'kusungika ngati chakudya cha ng'ombe. Tiwaombere m'manja.

Nachisale: Ambuye akuonjezereni pomwe mwachotsapo achimwene.

aPhiri: Asungidwa kwa ndani?

Mlembi: Kwa amsungichuma pakadali pano.

aPhiri: Basi, tiwatsanzike.

aMwale (msungichuma): aPhiri, m'mawa uno mwayamba kale?

aMbewe: Tikuthokoza aChirwa, mwachita zaulemu. Koma ndisanaombe m'manja ndifunse: kodi nkhuti ya chaka chatha inawola chifukwa chosowa makina? Tsiku lotsegula ine ndinalipo. Pamwamba ponse chuku choyera, pansi madzi akuda bii, ntchentche zinatipeza tisanamalize n'kuchotsa dothi komwe. Ng'ombe zinangonunkhiza n'kutembenuka. Zikwanje sizinalakwe kanthu pamenepo. Nsenjere zinadulidwa zitatalika kupitirira munthu, zitalimba ngati bango. Anyamata ankaponyamo pang'onopang'ono sabata yathunthu osapondaponda, kenako n'kuvindikira ndi pepala lobooka. Chimene chimapha sayileji ndi mpweya. Mukautsekereza kunja, tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso timadya shuga wa mu udzu n'kutulutsa asidi wotchedwa lactic. Asidiyo akachuluka, pH (muyeso womwe umatsika asidi akamachuluka) n'kutsika kufika cha pa 4, tizilombo towoletsa timagwa mphwayi ndipo udzu umakhala miyezi osaonongeka. Artturi Virtanen wa ku Finland analandira mphoto ya Nobel mu 1945 pa nkhani yomweyi, kungoti iye asidiyo ankachita kuthira yekha m'malo modikira tizilombo.

aPhiri: Tafika kale ku Finland tisanadziwe komwe kunapita ndalama za pepala?

aMwale: Pepala linagulidwa. Aliyense analiona.

aPhiri: Tinaona pepala lakale la pa denga la shedi ya fodya. Tinasonkhera latsopano.

Naphiri: Ine ndimangoyang'ana.

aChirwa: Abale, ine ndangotumiza makina ndi mtima wabwino, sindimadziwa kuti ndikutokosa chilonda.

aMbewe: Musakhumudwe achimwene, makinawo agwira ntchito. Amadula timagawo ta masentimita 1 kapena 2, ndipo udzu wodulidwa choncho umapondeka bwino, susiya mipata ya mpweya. Ndi chikwanje simungafike pamenepo. Ndikungoti makina okha sakwanira. Nsenjere zidulidwe zikafika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, zifote tsiku limodzi. Mutenge kadzanja ka zodulazo mufinye mwamphamvu. Madzi akamadontha pakati pa zala, sizinafike. Mukatambasula dzanja n'kuona kuti zikumasuka pang'onopang'ono, chikhatho chili chonyowa pang'ono chabe, ndiye nthawi yake, pamene gawo louma la udzuwo, lotsala mukachotsera madzi, lili pakati pa 30 ndi 35 pa 100. Nsenjere zili ndi shuga wochepa, ndiye pamafunika molasesi, manyuchi akuda otsala popanga shuga, makilogalamu 3 mpaka 5 pa makilogalamu 100 a udzu, wosungunula ndi madzi kuti awazike. Kudzaza, kuponda ndi mgolo wodzadza madzi, kutseka, zonse zithe pa tsiku limodzi kapena awiri. Osatsegula asanathe masabata 3, ine ndimakonda 6.

Tadala: Makolo anga, pepani ndilowerere. Bambo anandiuza kuti ndikayendere munda wa gulu popeza kusukulu tikuphunzira za makungwa a mitengo. Zithunzi ndatumiza pamwambapo. Lukina woposa theka wasendedwa, ndipo mitengo ya mombo ya m'malire nayonso yasendedwa, koma osenda ndi osiyana. Pa lukina mabala ndi okhadzukakhadzuka, ali ndi timizere ta mano, ndipo akulekeza pomwe mbuzi imafika ikaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Pa mombo pamwamba padulidwa mowongoka ndi mpeni, khungwa n'kukokedwa mpaka pansi. Pamenepo munthu amafuna luzi.

Nachisale: Koma mombowo ine ndinadutsapo mwezi watha, masamba ali biriwiri. Palibe vuto mwanawe.

Tadala: Azakhali, chonyenga chake n'chimenecho. Mukadula kachidutswa kopyapyala ka khungwa n'kukaika pa maikulosikopu mumaona zigawo. Kunja kwenikweni kuli gawo lakufa, louma, lomwe limateteza mtengo ku moto, dzuwa ndi tizilombo. Mkati mwake muli gawo lamoyo lotchedwa phloem, mmene mumadutsa shuga wopangidwa m'masamba kupita ku mizu. Ulusi wa luzi uli m'gawo limeneli. Kenako pali kagawo koterera kotchedwa cambium, kamene kamapanga khungwa latsopano kunja ndi thabwa latsopano mkati. N'chifukwa chake nthawi ya dzinja khungwa limasendeka mosavuta, kagawoka kamakhala kofewa chifukwa kakukula. Tsono madzi ochokera m'nthaka sadutsa m'khungwa, amakwera kudzera m'thabwa. Mtengo wosendedwa mozungulira umapitiriza kumwa madzi, masamba n'kumaoneka abwinobwino, pamene mizu ikufa ndi njala. Ukhoza kukhala choncho miyezi yambiri, wina kupitirira chaka, kenako n'kuuma.

aZimba: Zamabodza izo. Ndinaona pa Facebook ku Portugal akusenda mtengo wonse ngati akuuvula malaya, koma sufa.

Tadala: Malume, umenewo ndi mtengo wa cork oak, umene amapangira zotsekera mabotolo. Amachotsa gawo lakunja lakufa lokhalo, lamoyo lija salikhudza, ndipo amadikira zaka 9 asanausendenso. Wosenda luzi amatenga lamoyo lenilenilo.

aMbewe: Mwana uyu waphunzira, mumvereni. Ndionjezerepo. Pali mtengo wotchedwa Prunus africana womwe makungwa ake amagulitsidwa kunja popangira mankhwala a amuna ovutika pokodza. Anthu anausenda mopanda chifundo mpaka mu 1995 unaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loteteza zomera ndi nyama zakuthengo, kuti malonda ake aziyang'aniridwa. Ku Cameroon lamulo linali loti thunthu muligawe panayi, musende mbali ziwiri zoyang'anizana, zina ziwirizo muzisiye kuti chakudya chizidutsabe ndipo bala lizitsekeka kuchokera m'mphepete. Ngakhale zimenezo si mtengo uliwonse umapirira. Ofufuza akayesa mitundu yosiyanasiyana amapeza kuti ina imamera khungwa msanga, ina bala limangokhala pululu mpaka chiswe ndi anankafumbwe alowe. Funso langa nali: anasenda mombo wathu ndani?

Naphiri: Funsani amene anamanga mpanda.

aMwale: Mpanda anamanga ndi anyamata aganyu.

aPhiri: Anamanga ndi chiyani?

aMwale: Ndi zimene zinalipo.

aPhiri: Apo! Tinasonkha ndalama za waya ndi misomali. Mpanda n'kumangidwa ndi luzi. Luzi n'kudyedwa ndi chiswe. Mpanda n'kugwa. Mbuzi n'kulowa. Ndiye lukina wadyedwa ndi mbuzi kapena wadyedwa ndi amene anadya waya?

aMwale: Samalani pakamwa aPhiri. Waya unakwera mtengo tisanagule, komiti inagwirizana kuti ndalamazo zipite ku mjigo.

aPhiri: Mjigo uti? Womwe uja unafa chaka cha mawa lake? Komiti yake inakumana kuti, kuchipinda kwanu?

Mlembi: Abale, ulemu chonde. Muli ana m'gulu muno.

Nachisale: Ine za mjigo musandikumbutse. Ndinapereka kawiri, dzina langa linalembedwa kamodzi.

aZimba: Ndiye mbuzizo mukunena za ndani? Chifukwa ndikuona ngati mukuzungulira kuti mufike pa ine. Zanga zimagona m'khola, zimadyera kudambo.

Naphiri: Palibe watchula dzina lanu malume.

aZimba: Ndimakudziwani.

aMbewe: Tabwererani kuno. Za waya zifunsidwa pa msonkhano, ine ndidzakhala woyamba kufunsa. Pano tipulumutse zotsala. Lukina wosendedwa mozungulira musamudikire, mudulireni pansi pa bala ndi sowo kapena chikwanje chakuthwa, modulira chopendekeka kuti madzi asakhalepo. Lukina amaphukira pachitsa mwamphamvu, bola mizu isanathe mphamvu. Amene wasendedwa mbali imodzi musiyeni, atseka yekha. Mombo nayenso amaphukira pachitsa koma amachedwa, ambiri a ife sitidzakhala pamthunzi pake. Ndipo mundimvetse, mitengoyi sitinadzale kuti ikongoletse munda. Nsenjere zimadzadza mimba koma zomanga thupi ndi zochepa, makamaka zikakula. Masamba a lukina, gilisidiya ndi kaliyandira ndiwo amabweretsa zomanga thupi. Ku Embu m'dziko la Kenya ofufuza a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, ndi anzawo a boma anapeza kuti makilogalamu 3 a masamba aawisi a kaliyandira amalowa m'malo mwa kilogalamu imodzi ya chakudya chogula cha ng'ombe za mkaka, ndipo ng'ombe imodzi imafuna mitengo pafupifupi 500 pa chaka. Werengani yathu yatsala ingati.

aChirwa: Ndiye bwanji osangodzaza nkhuti yonse ndi masamba a lukina, popeza ndiwo ali ndi mphamvu?

aMbewe: Ayi achimwene, pali zifukwa ziwiri. Masamba a mitengo ya mtundu wa nyemba ali ndi shuga wochepa ndipo amalimbana ndi asidi uja, pH siitsika msanga, ndiye pa okha amawola m'malo mosasa. Amafunika kusakaniza ndi nsenjere kapena mapesi aawisi. Chachiwiri, lukina ali ndi mankhwala otchedwa mimosine. Ng'ombe yosazolowera ikadya wambiri imayamba kudontha dovu, kuonda, ubweya wa kumchira n'kumathothoka. Asapitirire 30 pa 100 ya chakudya chonse. Kaliyandira vuto lake ndi tannin, zija zimakumata m'kamwa mukatafuna khungwa. Tannin amagwira zomanga thupi, akachuluka ng'ombe imalephera kuzigaya. Ine kaliyandira ndimati adyetsedwe wamuwisi, tsiku lomwe wadulidwa.

Tadala: Tannin yemweyo ndi wochuluka m'makungwa, agogo. Ndi chitetezo cha mtengo. Ku South Africa amadzala black wattle kuti makungwa ake azifufutira zikopa.

aZimba: Ndiye mbuzi zikanadya bwanji zinthu zowawa choncho? Mukuona kuti si mbuzi?

Tadala: Mbuzi zimapirira tannin kuposa ng'ombe, malume. Komanso mano ake akuoneka pa chithunzi chachitatu.

Naphiri: Mwana wakugwirani.

aZimba: Mwana wa ndani ameneyu kodi? Bambo ake anamaliza kupereka za chaka chatha?

Mlembi: aZimba, zimenezo ayi.

aMbewe: Nkhani ina yoti tigwirizane msanga ndi yoti chaka chino tiika chiyani m'nkhuti. Kunena zoona, palibe choposa chimanga. Chili ndi shuga wakewake, sichifuna molasesi. Chimadulidwa chonse ndi zisononkho zomwe, njere zitayamba kulimba, mukathyola chisononkho n'kuona kuti mkaka wa m'njere watsala theka. Mapira nawonso amachita bwino ndipo amapirira ng'amba, kungoti ophukira kumene kapena ofota ndi dzuwa ali ndi poizoni wa prussic acid, musalole ng'ombe kudya m'munda.

Nachisale: aMbewe, mukufuna atiseke? Kudula chimanga chili ndi ana n'kukakwirira m'dzenje chifukwa cha ng'ombe? Mukawauze nokha anthu kumudzi, ine musanditume.

aMbewe: Chemwali, ndanena chimene sayansi ikunena, sindinati tichite mawa. Ngati n'zovuta tikhale pa nsenjere, koma ndiye molasesi agulidwe ndithu, osati ngati chaka chatha pomwe tinauzidwa kuti wathiridwa koma fungo lake osamveka. Sayileji wabwino amanunkhira mowawasa pang'ono, mtundu wake wobiriwira mopita ku chikasu, ukamugwira satereka m'manja. Uja ankanunkha ngati batala wovunda, chizindikiro choti munalowa dothi ndi madzi ambiri. Woteroyo ng'ombe ya bere ikhoza kupoloza. Mwayi wake zinakana zokha.

aMwale: Ndiye mukuti molasesi ndinamwa ine?

aMbewe: Ine ndati fungo silinamveke.

aPhiri: Pepala, waya, mjigo, molasesi. Mlembi lembani, zakwana zinayi.

aMwale: Ndatumikira gulu lino popanda malipiro, mafoni ndimaimba ndi mayunitsi anga. Ngati mwatopa nane tengani mabuku anu. Ena olankhula kwambiri muno chikhalire sanapondeko kumundako, amangodziwa kulemba ali m'tauni.

aPhiri: Mabukuwo ndi amene tikupempha chaka chachitatu tsopano. Jambulani malisiti muponye muno.

aMwale: Malisiti saponyedwa pagulu. Adzaonedwa pa msonkhano.

aBanda (wapampando): Ndawerenga zonse. Tikumana Loweruka lomaliza la mwezi uno. Mpaka tsikulo pasapezeke wokhudza makina kapena kudula mtengo uliwonse kumunda.

aMbewe: Wapampando, ndi ulemu wonse, lukina sangadikire Loweruka lomaliza, ndipo nsenjere pofika tsikulo zikhala zitapitirira msinkhu. Lolani Tadala ndi anyamata awiri akadulire mitengoyo sabata ino.

aBanda (wapampando): Anyamatawo awalipira ndani?

aPhiri: Ndalama za waya.

*aMwale atuluka m'gulu*

Naphiri: Atuluka ndi makina omwe.

aChirwa: Mlembi, ndiimbireni foni chonde.

Nachisale: Loweruka lomaliza ine sindipezeka. Komanso tigwirizane kaye, amene sanamalize zopereka adzavota nawo kapena ayi?

aZimba: Mukunena ndani?