Gulu la banja lathu: denga la agogo

Lachitatu

17:42 Tadala: Malume, amayi aakulu, aliyense amene ali pafoni ayankhe chonde. Mphepo yasasula denga la agogo. Lonse, ndi mapaso omwe. Agogo ali moyo.

17:44 Malume: Avulala? Ali kuti panopa?

17:46 Tadala: Lata lawacheka padzanja lamanzere, tamanga ndi chitenje magazi asiya. Ali kunyumba kwathu, amayi awasonkhera moto chifukwa ananyowa thupi lonse.

17:47 Amayi aakulu: Ambuye Yesu. Tadala mwana wanga, bala la lata salichepetsa. Tsukani ndi madzi owiritsa ndi sopo, musathirepo phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Mawa kukangocha apite kuchipatala akabayitse jekeseni ya kafumbata. Malata aja ngadzimbiri.

17:50 Yamikani: Ndili pantchito kuno ku Leeds koma manja akunjenjemera. Chachitika n'chiyani kwenikweni?

17:58 Tadala: Achemwali, kunatentha chiyambire m'mawa, nkhuku zonse zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Cha m'ma 4 kunabwera mtambo wakuda bii kuchokera chakumadzulo, mbali ya ku Chipata. Kunagwa matalala pang'ono, kenako phokoso ngati lole ikukhuthula miyala. Nditasuzumira pakhomo ndinaona kamvuluvulu, koma osati uja amazungulira pabwalo m'chilimwe n'kutenga masamba. Uyu anachokera kumtambo mpaka pansi, atanyamula udzu, nthambi, malata. Sipanathe mphindi zitatu. Nditathamangira kwa agogo ndinawapeza atakhala pamphasa pakona, mvula ikuwagwera m'nyumba mwawo momwe, atakumbatira kachikwama kaja amasungamo buku lakuchipatala ndi chiphaso chaunzika.

18:03 Malume: Mwachita bwino kuwatenga. Usiku uno asabwerere m'nyumbamo ngakhale kukatenga bulangete. Khoma lonyowa lopanda denga limagwa nthawi ina iliyonse, makamaka lathulo poti njerwa zake anamangira matope.

18:10 Tadala: China. Mango wa agogo aamuna wazuka ndi mizu yomwe. Agogo sakulira za nyumba, akulira za mtengowo.

Lachinayi

06:35 Tadala: Ndazungulira mudzi. Nyumba zisanu ndi zinayi zasasuka, zonse pamzere umodzi kuchokera kudambo kukafika kuseri kwa tchalitchi. Kumbali kwa mzerewo ngakhale udzu wapadenga sunasunthe. Kwa ife bulugama muwiri wagwera khola, mbuzi imodzi yafa, zinayi zili bwino. Malata ena ndawapeza m'munda wa mtedza kutsidya kwa msewu, limodzi lakulungika pamtengo ngati pepala.

06:41 Madalitso: Zimenezi ndinaziona ndi maso anga kuno. Pa 3 June 2024 mphepo yamtundu womwewo inadutsa ku Tongaat, kumpoto kwa Durban. Anthu anafa, nyumba zambirimbiri zinaphwasuka. Tinapita patapita masiku awiri kukaona Amalawi anzathu amene amakhala kumeneko. Mbali imodzi ya msewu kunali bwinja, mbali inayo makatani ali pamawindo. Kuno amati tornado. Imayenda kanjira kake kopapatiza basi.

07:15 Amayi aang'ono: Ndalemba kudzera mwa Tadala. Amayi tapita nawo, abayidwa, asokedwa katatu. Koma alongo, pali nkhani ina yandisowetsa tulo. Anthu ayamba kunong'onezana. Kanyumba ka gogo uja amakhala yekha pafupi ndi mjigo katsala chilili pamene nyumba zoyandikana nazo zapita. Anyamata ena dzulo usiku amati mphepo inatumidwa.

07:19 Malume: Ayi, ayi. Zimenezo zithere pomwepo. Pasapezeke munthu wa mbumba yanga wolankhula nawo mawu amenewo, ngakhale pamjigo, ngakhale pamaliro. Nkhalamba zingati zaphedwa m'dziko muno chifukwa cha kunong'onezana kotere? Mayi ameneyo ndi msinkhu wa amayi athu. Mawa akhoza kuloza amayi athu omwe. Ndipo lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndiwaimbira amfumu m'mawa uno.

07:31 Chikondi: Amayi aang'ono, anyamatawo muwauze momwe ndimawauzira ana asukulu kuno ku Kasungu. Mvula zoyamba zikamabwera nthaka imakhala itatentha miyezi yambiri. Mpweya wotentha wachinyontho umakwera mwamphamvu, kumwamba umakumana ndi wozizira, ndiye pamabadwa mitambo ikuluikulu yamabingu ija. Mphepo yapansi ndi yam'mwamba zikamawomba mosiyana, mpweya wokwerawo umayamba kuzungulira. Ukafika pansi umawononga pokhapo pamene wadutsa. Si namondwe ngati Freddy wa mu March 2023 kapena Chido wa mu December 2024, amene amachokera kunyanja yamchere ndipo a zanyengo amamuona kukadali masiku. Uyu amabadwira pompo, n'kuthera pompo. Komanso kanyumba ka gogoyo n'kafupi, denga lake n'lozungulira, mphepo ilibe pogwira.

07:40 Amayi aang'ono: Ndamva mwanawe. Ndipita ndekha kukamuona gogoyo masana, ndimutengere ufa pang'ono, anthu aone kuti ife tilibe naye chifukwa.

09:02 Amayi aakulu: Ine maganizo anga ndi akuti amayi abwere kuno ku Ndirande mpaka mvula ithe. Chipinda chilipo, chipatala chili pafupi. Nyumbayo tidzakonze mu May mosathamanga.

09:20 Yamikani: Ine ndikugwirizana nazo. Zaka zawo zija asagone m'nyumba yachinyontho.

11:48 Tadala: Ndawafunsa. Akana. Akuti mbewu ya mtedza anasenda kale, mizere anaunga kale, mvula yobzalira ndi yomweyi. Akuti akachoka, m'munda mubzala ndani, nanga kumanda kwa amuna awo akasesa ndani. Anenanso kuti ku Blantyre si kumene phiri la Soche linagumukira anthu ku Chilobwe? Akuti ngozi ilibe mudzi, iwo akhala pawo.

11:55 Amayi aakulu: Mawu amenewo andilasa, chifukwa masiku a Freddy ndinawaona ndekha. Chabwino. Sindiwakakamiza. Koma ndiye denga likhalepo sabata isanathe.

12:30 Malume: Ndisanalankhule za ndalama pali chimene ndiyenera kuulula pamaso panu nonse. Pamene tinkafolera nyumba ija mu 2016, mmisiri anandiuza kuti tigule waya womangira mitanda kukhoma. Ndalama zinali zitatha, ine ndinati khomani choncho, njerwa zapamwamba zigwira. Malatanso ndinagula a geji 32, opyapyala aja, chifukwa ndiwo anali otsika mtengo. Denga lija linangokhala pamwamba pakhoma ngati chipewa. Zaka zisanu ndi zinayi lakhala mwa chisomo chabe. Dzanja la amayi lachekedwa ndi kuumira kwanga. Mundikhululukire.

12:38 Amayi aang'ono: Alongo, inu ndi amene munawachotsa amayi m'nyumba yaudzu yodontha. Palibe akukuimbani mlandu.

12:41 Madalitso: Malume, musadzipweteke mtima. Ine ntchito yanga kuno ndi yomweyi yamadenga, ndiye ndiloleni ndinene momwe tichitire ulendo uno. Mphepo sikankha denga kuchokera pamwamba. Imalowa kunsi kwa khonde n'kulinyamula, pamwamba ikukokanso. Ndiye chilichonse chigwirane ndi chinzake: lata kuphaso, phaso kumtanda, mtanda kukhoma. Waya wokhuthala alowe m'khoma mizere inayi kapena isanu ya njerwa kutsika pansi, azungulire mtanda, apotedwe zolimba. Mizere yapamwambayo aiphwasule, aimangenso ndi simenti. Misomali ikhale yazipewa, ndipo m'mphepete ndi pamsonga akhome pankwinya iliyonse, osadumphitsa. Denga lisatuluke kwambiri kunja kwa khoma.

12:44 Madalitso: Khonde likhale ndi kadenga kakekake. Likadzanyamuka lipite lokha, lisakoke nyumba yonse. Ndipo ngati ndalama zilola, denga likhale lotsetsereka mbali zinayi. Lambali ziwiri lija limasiya khoma lalitali kumapeto, mphepo imamenya pamenepo.

12:52 Chikondi: Lambali zinayi lidya matabwa ndi malata ambiri achimwene, komanso pamafunika kalipentala wodziwa kudula ngodya. Chigwereni kwacha mu November 2023 zinthu za m'hadiweya sizikugwirika. Tikwanitsa?

13:05 Malume: Tifolere kamodzi, tisadzabwerezenso. Mawa ndidutsa ku Malangalanga, ku Lilongwe, ndikafunse mitengo m'mashopu atatu, geji 28. Ndikayerekeza ndi ya pa Kamwendo, poti kugula pafupi kumapulumutsa ndalama yagalimoto. Bulugama wagwayo asapite pachabe, tipeze wocheka matabwa.

13:09 Madalitso: Bulugama wamuwisi amapindika ndi kung'aluka akamauma, malume. Ameneyo akhale wa khola ndi nsichi za khonde. Zapadenga tigule zouma, tizipake mankhwala achiswe.

13:11 Malume: Wanena zoona. Tatero.

14:20 Yamikani: Ine nditumiza K400,000 mawa ndikalandira. Pa Mukuru kapena kubanki, malume?

14:24 Malume: Tumiza kwa Chikondi, ndiye akhale msungichuma. Alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka pagulu pompano, ndi chithunzi cha lisiti. Ine K250,000, ndi galimoto yonyamulira.

14:26 Amayi aakulu: K120,000 pa Airtel Money madzulo ano. Ndigulanso mabulangete awiri ndi matilesi, akale aja anyowa.

14:31 Madalitso: R2,000 Loweruka. Mmisiri akayamba ntchito, Tadala undiimbire pavidiyo ndione mmene akupotera wayayo.

14:40 Tadala: Ine ndalama ndilibe, koma mchenga ndituta, madzi nditunga, ndipo ndigona pakhonde kulondera katundu.

14:42 Amayi aakulu: Iwe ndi amene unawanyamula agogo ako pamvula. Wapereka kale kuposa tonsefe.

16:15 Amayi aang'ono: Musaiwale chakudya. Matumba atatu achimanga anali kuchipinda anyowa. Feteleza wa yuleya thumba limodzi wasungunuka theka.

16:22 Chikondi: Chimangacho chikhuthulidwe lero lomwe, muchiyanike pamphasa dzuwa likangotuluka, osachisiya m'matumba. Chikachita nkhungu musadye, musapatsenso nkhuku. Chuku cha chimanga ndi mtedza chimawononga chiwindi, ndipo kuphika sikuchotsa poizoni wake. Mtedza wambewu uli bwanji?

16:30 Amayi aang'ono: Umenewo unali mu ndowa yotseka, uli bwino.

18:05 Malume: Ndalankhula ndi amfumu. Za gogo uja akuti aitanitsa msonkhano mawa pabwalo, alankhulapo okha. Akulembanso maina a mabanja onse okhudzidwa kuti komiti ya zangozi yam'mudzi ikapereke kukhonsolo ku boma, iwo ndi amene amadziwitsa a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tadala, uonetsetse kuti dzina la agogo lalembedwa, ujambulenso nyumba zonse zisanu ndi zinayi, osati yathu yokha. Thandizo likabwera tilandira, koma ntchito tiyambe ndi zathu.

18:12 Yamikani: Malume, mwa mabanja enawo alipo amene alibiretu wowathandiza?

18:20 Tadala: Alipo achemwali. Mayi wamasiye uja wa ana anayi kuseri kwa tchalitchi. Khoma limodzi lagwa, akugona m'kalasi kusukulu.

18:27 Yamikani: Ndiye malata athu akale amene angawongoleke apite kwa iwowo. Ndiwonjezera K50,000 ya pulasitiki ndi misomali yawo. Sindingagone bwino agogo ali m'nyumba yatsopano, ana anayi ali m'kalasi.

18:29 Malume: Palibe wotsutsa. Chikondi, lemba padera.

Lachisanu

08:10 Chikondi: Zalowa K370,000. Ndikudikira za ku Leeds ndi ku Durban. Tsono za mitengo. Ndili mwana, kumadzulo kwa mudzi kunali nkhalango yamisuku ndi mitondo mpaka kudambo. Yonse inathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a njerwa. Kamvuluvulu wa Lachitatu ngakhale nkhalango sikanamuletsa, koma mphepo zina zonsezi zimene zimasasula masukulu chaka ndi chaka zimafika pakhomo popanda chozitchinga. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 December. Ndikufuna tidzabzale mzere kumadzulo kwa nyumba pa Khirisimasi tikakumana.

08:18 Amayi aakulu: Koma osati bulugama pafupi ndi nyumba. Akanagwera mbali inayo bwenzi tikunena zina.

08:25 Chikondi: Ayi, bulugama apite kumalire a munda. Pafupi tibzale nsungwi ndi kesha, ndipo mtengo uliwonse utalikirane ndi khoma kuposa msinkhu umene udzafike ukakula. M'munda muikemo msangu, umagwetsa masamba nthawi yamvula ndiye suphimba mbewu.

10:47 Tadala: Kwabwera anthu owotcha njerwa, akufuna kugula thunthu la mango. Ndiwayankhe chiyani?

10:50 Malume: Afunse eni ake.

11:26 Tadala: Agogo akana. Ndinawapeza atakhala pamuzu wake, dzanja lili m'bandeji, akutola mango amene anagwa n'kumasankha okhwima okhaokha kuika m'lichero. Akuti mtengowu amuna awo anaubzala chaka chimene munabadwa inu malume, ndipo milandu yonse ya banja lino, ndi maukwati omwe, zinakambidwa pansi pake. Akuti pathunthupo pachekedwe benchi yokhala pakhonde latsopano. Nthangala asunga khumi ndi ziwiri. Akuti mdzukulu aliyense adzabzale yake, za a ku Leeds ndi ku Durban adzabzala okha ndi dzanja labwinolo.

11:40 Madalitso: Yangayo asabzale. Muwauze aisunge m'kachubu, ndikwera basi pa 19 December.

11:52 Malume: Kalipentala wavomera kuyamba Lolemba. Ine ndinyamuka mawa 5 koloko ndi malata, simenti matumba anayi ndi waya. Tadala, udzandidikire pa Kamwendo ndi anyamata awiri otsitsa katundu, ndipo ubwere ndi muyeso wa khoma lakumadzulo, ndaiwala ngati ndi mafiti 24 kapena 26.