Kuwerengera phindu la geni ya mandasi ndi masamu a mzere wowongoka

Nabanda:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mng'ono wanga akufuna kuyamba geni ya mandasi pamsika. Akuti masamu aja a kusekondale a y = mx + c angatiuze mandasi angati ayenera kugulitsa patsiku kuti asaluze. Zimatheka bwanji?

A Phiri:
Zimatheka ndithu, mayi. Choyamba gawani ndalama zotuluka m'magulu awiri. Pali zimene mumalipira kaya mwagulitsa kaya ayi: kabaza, chiphaso cha msika, makala. Tinene kuti zonsezi ndi K4,000 patsiku. Pali zina zimene zimakwera mukachulukitsa mandasi: ufa wa tirigu, shuga, yisiti, mafuta ophikira. Izi musamangoyerekeza m'mutu. Kandani kamodzi, lembani mtengo wa chilichonse chalowa m'beseni, kenako werengani mandasi atuluka. Ngati zalowa K12,000 ndipo atuluka 100, ndiye kuti limodzi likudya K120.

Mukagulitsa pa K200, lililonse likusiyirani K80. Ndiye phindu P = 80x − 4,000, pamene x ndi mandasi agulitsidwa. K80 uja ndiye m, ndipo −4,000 ndiye c. Kuti mupeze pamene mpamba wabwerera, ikani P = 0: 4,000 kugawa ndi 80 ndi 50. Mandasi 50 oyambirira ndi olipira kabaza, chiphaso ndi makala basi. Phindu limayamba pa la 51. Mng'ono wanuyo akagulitsa 120, atsala ndi K5,600.

Nachisale:
A Phiri afotokoza bwino, koma pali msampha umodzi umene umagwetsa anthu ambiri. Masamuwo akuganiza kuti chilichonse chokazingidwa chagulidwa. Mandasi ogona sagulidwa pamtengo wake. Akakazinga 150 n'kugulitsa 120, zolowa ndi 200 × 120 = K24,000, koma zotuluka ndi 120 × 150 = K18,000, kuphatikiza K4,000 ija. Phindu latsika kufika pa K2,000, osati K5,600. Otsala 30 okhawo adya K3,600. Basela wopatsa makasitomala, amene ana adya pakhomo ndi amene atengedwa pangongole, onsewa alembedwe ngati otsala mpaka ndalama yake italowa m'thumba. Sabata yoyamba akazinge ochepa, aziwonjezera akaona mmene akutha.

A Gondwe:
Ndiwonjezere za mitengo, poti ufa ndi mafuta sizikhazikika. Lendi kapena kabaza zikakwera, c yekha ndiye asintha, mzere wa phindu pa girafu ungotsika wonse. Koma ufa ukakwera, m ndiye achepa, ndipo apa mpamene pamawawa. Limodzi likayamba kudya K140, phindu lake ndi K60, ndipo ayenera kugulitsa 67 kuti angobweza mpamba, osati 50. Akakweza mtengo kufika K250, m akhala 110 ndipo 37 akwanira, komatu masamuwa sakuuzani kuti ogula angati athawira kwa woyandikana naye. Izo amaziona ndi maso pamsika.

Mzerewu sumawongoka mpaka kalekale. Akapitirira zimene mbaula imodzi ingathe, pafunika makala ena kapena wothandiza, ndiye c alumpha. Pamenepo alembe mzere watsopano. Ndipo thukuta lake aliikire mtengo, ngakhale K2,000 patsiku, liwerengedwe mu c. Pamenepo, pa mitengo yoyamba ija, P = 80x − 6,000, ndipo ayenera kugulitsa 75.