Makina akale a Singer akudula ulusi pa nsalu yokhuthala, ndithandizeni

Amisiri osoka muli muno, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi makina a Singer 15K omwe anandisiyira agogo anga, makina aja akuda opalasa ndi mapazi. Anapangidwa ku Clydebank, ku Scotland, ndipo fakitaleyo inatsekedwa mu 1980, ndiye ndi akale ndithu. Koma pa chitenje amasoka mosalala kuposa amagetsi a mlamu wanga.

Vuto labuka pomwe ndafuna kukonza chofunda cha zigamba chomwe agogo omwewo anasoka. Mkati muli bulangete lakale, ndipo zigamba zina ndi za jinzi. Ndikafika pomwe pakumana misoko, phazi la makina limapendekeka, singano imadumpha, kenako ulusi wapamwamba n'kuduka. Ndikatembenuza nsalu ndimapeza ulusi waunjikana kunsi ngati chisa cha mpheta. Ndathyola kale singano ziwiri za saizi 90/14. Mafuta ndathira, bobini ndapukuta.

Kodi ndigule singano ya 100/16 kapena ndipite pa 110/18? Nanga ulusi wokhuthala uja wosokera jinzi ndiuike pamwamba pokha kapena ndi m'bobini momwe? Telala wina pamsika wandiuza kuti ndiyambe ndamenya msokowo ndi hamala kuti uphwe, koma nsaluyi yatha kale, ndikuopa kuing'amba.

Lamba woyendetsa makina nayenso akuterereka ndikafika pokhuthala. Ndingomudula pang'ono n'kumulumikizanso, kapena ndigule watsopano? Amene mumasoka matenti ndi zikwama pa makina ngati awa, mumatani?