Kodi munthu wa ku Ngabu angapirire ku Quilotoa?

Wa ku Ngabu:
Abale, akuntchito akunditumiza ku Quito, ku Ecuador, kumsonkhano wa zaulimi, ndipo ukatha nditsala ndi masiku atatu. Ndikufuna ndikaone Quilotoa, nyanja ija ili pachibowo cha phiri lomwe linaphulika, komanso msika wa anthu olankhula Kichwa. Koma ine ndine mwana wa kuchigwa, ndikangokwera Thabwa mu Juni mano amayamba kugundana. Alipo anafikako?

Mayi wa ku Nchalo:
Achimwene, ine ndinafikako. Za kuzizira musade nazo nkhawa kwambiri, juzi ndi chipewa zimathandiza. Chovuta ndi mpweya. Quito ili pa mamita 2,850, pakamwa pa chibowocho ndi pafupifupi 3,900, pamene Sapitwa wathu ndi 3,002 basi. Ndiye taganizani ife ozolowera pansi pano.

Potsikira kumadzi ndinkaseka. Theka la ola lokha, mchenga ukulowa m'nsapato, kutsogolo madzi obiriwira ali phee. Anthu ankapalasa timabwato. Ine maso anali m'mbali mwa madzi kufufuza ng'ona, chizolowezi cha ku Shire, pamene kulibe ndi imodzi yomwe. Nyanjayo ndi yakuya mamita pafupifupi 250, ndipo phirilo linaphulika zaka pafupifupi 800 zapitazo.

Pobwerera ndiye ndinaziona. Mapazi khumi, kuima. Khumi ena, kukhala pamwala, mtima uli gugugu m'makutu. Agogo ena ovala chipewa ndi nsalu yaubweya anandidutsa akukoka nyulu yawo, osapuma n'komwe. Anandiyang'ana, analoza nyuluyo. Ndinalipira, manyazi ndinawasiya pamwala pomwepo. Muyambe mwagona masiku angapo ku Quito musanapite, ndipo muzimwa madzi ambiri.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Pa za msika, muwerenge masiku bwino. Wa ku Saquisilí, pafupi ndi mzinda wa Latacunga kum'mwera kwa Quito, umakhala Lachinayi. Wa ku Zumbahua ndi wa Loweruka, ndipo uli panjira yomweyo ya basi yochoka ku Latacunga kupita ku Quilotoa. Ine ndingasankhe Zumbahua, mukaone zonse tsiku limodzi. Mulawire, msika wa ziweto suchedwa kubalalika. Nkhosa, nkhumba, ma llama (ziweto zaubweya zonga ngamila yaing'ono yopanda linunda), mbatata ya kachewere yamitundumitundu, ndi mbira zomwe kuno timasiyira ana kuweta, uko ndi ndiwo yaulemu. Ndalama yawo ndi dola ya ku America kuyambira 2000, koma mutenge zing'onozing'ono, ya 20 amayi apamsika amakanika kusintha. Musajambule munthu osapempha.

Wa ku Chikwawa boma:
Bambo, poti ndinu a ku Ngabu, musakayambe kunenerera llama ngati ng'ombe. Mu ndege sakakulolani nayo.

Wa ku Ngabu:
Zikomo nonse. Msonkhano ukutha Lachisanu, ndiye ndi Zumbahua basi. Mayi a ku Nchalo, nyulu ija ndisungiretu madola angati?